Chromosome 21 ndi kuiwala msanga

Anthu obadwa ndi Down syndrome amayamba matenda oiwala msanga kuposa enafe, ambiri akafika zaka za m'ma 50, ena ngakhale za m'ma 40, ndiye kuno ku Lower Shire zikatere mlandu suchedwa kugwera mayi ake, ati anamupusitsa dala mwana kuti geni iziyenda. Ine zimandinyansa zimenezi, poti zimene zikuchitika m'mutumo zimadziwika bwinobwino.

Mu ubongo muli maselo otumiza mauthenga pafupifupi 86 biliyoni, ndipo ambiri sagundana ayi, pamatsala kampata. Uthenga ukafika kumapeto kwa selo kashiamu amalowa, timatumba todzaza makemiko timakhuthulira mumpatamo, makemikowo nkukadzutsa selo linalo. Makemiko amenewa ndi aja amati ma neurotransmitter, monga dopamine ndi acetylcholine. Kathumba kakakhuthula kamayenera kubwezedwa mkati ndi kudzazidwanso mwachangu, ngati mabwato a pa Mtayamoyo paja, bwato likatsitsa anthu opita ku Makhanga koma osabwerera msanga, a ku Bangula mungounjikana pagombe dzuwa likukuphulani. Akatswiri atatu, Rothman, Schekman ndi Südhof, analandira Nobel mu 2013 chifukwa chofufuza kayendedwe ka timatumba ta m'maselo.

Tsono ntchito yonseyi imagwiridwa ndi mapuloteni, ndipo puloteni iliyonse ili ndi gene yake, kutanthauza malangizo a kapangidwe kake, ma gene amenewa amakhala pa timaulusi ta m'maselo totchedwa ma chromosome. Enafe tili ndi ma chromosome 46, wa Down syndrome ali ndi 47 chifukwa nambala 21 ali nayo itatu m'malo mwa iwiri, izi zinadziwika mu 1959 ku France. Pa 21 pomwepo pali ma gene monga SYNJ1 ndi ITSN1 omwe ntchito yawo ndi yobweza timatumba tija, ndiye akakhala atatu mlingo umapyola, kabwezedwe kaja nkusokonekera. Palinso APP, gene yomwe puloteni yake ikadulidwa pamatuluka amyloid, zinyalala zomwe zimaundana mu ubongo wa odwala Alzheimer's, matenda oiwala aja. Pofika zaka 40 pafupifupi aliyense wa Down syndrome amakhala nazo zinyalalazi ngakhale asanayambe kuiwala, kenako maselo opanga acetylcholine amayamba kufa, ndipo kukumbukira kumadalira kwambiri acetylcholine ameneyu.

Kwathu cha ku Ngabu kuli achimwene ena ake otere, munthu wansangala kwabasi, mbuzi za pakhomo ankazidziwa iliyonse ndi mwana wake, Lamulungu lililonse amalawirira kukasesa kutchalitchi osatumidwa. Pano amatha kuima pa mjigo ndowa ili pamutu osadziwa kuti kunyumba nkuti, mpaka kamwana kawagwire dzanja. Mayi awo ndi gogo woti akugulitsabe nsomba zouma pamsika, ndiye anthu akuti mwaona, wamumaliza tsopano. Kukhwima kwanji kokhala m'nyumba yofolera ndi udzu zaka zonsezi? Chromosome yowonjezerayo imabwera mwangozi dzira kapena umuna ukamapangika, mpata umakula mayi akamakula msinkhu inde, koma ngakhale atsikana amabereka ana otere. Komanso tisaiwale kuti lamulo lathu la 1911 lija limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Parkinson's nayo nkhani yake ndi yofananako, kungoti kumeneko amafa ndi maselo a dopamine, nchifukwa chake manja amanjenjemera, kuyenda nkumakhala kokhwekhwereza mapazi. Mu 1997 anapeza vuto pa gene ya SNCA m'banja lina lochokera ku Italy, puloteni yake imakhala pomwe pali timatumba tija, ndipo pambuyo pake zinaoneka kuti kungokhala ndi makope owonjezera a gene imeneyi kumadwalitsanso. Koma odwala Parkinson's ambiri sanatengere kumtundu, musayambe kuloza chala kuchimuna kapena kuchikazi.

Mankhwala ngati donepezil amangochedwetsa kuphwanyika kwa acetylcholine, sachiza, ndipo musaganize kuti muwapeza pa health centre iliyonse. Chomwe ndinawauza achibale a achimwene aja nchoti ayambe akawayezetsa chithokomiro, makutu ndi maso, olo zitengere kukwera Thabwa mpaka ku Queens, chifukwa mavuto amenewa ndi ofala kwa anthu a Down syndrome, amatha kuoneka ngati matenda oiwala, chonsecho ali ndi thandizo lake.