Sin x = 0.5, nanga 150 ija yapita kuti?

Ana a Fomu 4 kuno ku Chinamwali akamapanga trig (masamu a ma angle) vuto lawo ndi limodzimodzi. Funso likati sin x = 0.5 amangodina kalikuleta, yawapatsa 30, basi atseka kope. Komatu pakati pa madigiri 0 ndi 360 mayankho alipo awiri, 30 ndi 150, ma principal solutions ndi amenewo, enawo umangowonjezera 360 mpaka utatopa. Kalikuleta sinalakwe ayi, inapangidwa kuti izisankha pakati pa -90 ndi 90 basi.

Ndipo sizamayeso a MANEB zokha izi. Magetsi a ESCOM amayenda ngati sine wave, funde lokwera ndi kutsika ngati graph ya sin x, ka 50 pa sekondi, ndiye a physics ku Chanco akamafuna nthawi yomwe voteji yafika theka la nsonga yake amaipeza kawiri pa funde lililonse, pokwera ndi potsika.