Ukhondo wanga ndi umene unapha mbuna

Lachiwiri m'mawa ndinapeza mbuna ziwiri zili gada pansi pa thanki. Pofika Lachitatu madzulo zinali zitafa 5 mwa 8. Thankiyo ndi yagalasi, ya malita 80, ndipo nsombazo ndinali nditakhala nazo miyezi 7 m'chipinda changa ku Luwinga osataya ndi imodzi yomwe. Chochititsa manyazi n'choti ndimaphunzira za nsomba pa Mzuni.

Woyamba kumuloza chala anali mphepo. Aliyense akuidziwa Juni wa ku Mzuzu, ndipo Lolemba usiku magetsi anazima kwa maola angapo, hita yofunditsa madzi n'kuzima nayo. Mbuna ndi za m'nyanja, zimakonda madzi a madigiri 24 mpaka 28, osati kuzizira kwa kumtunda kuno. Koma choyezera chimene ndinamata pagalasi chinali pa 23 m'mawa uja. Madzi ochuluka chonchi sazizira msanga, ndipo 23 sangaphe mbuna usiku umodzi. Ndinakakamirabe pa mphepoyo tsiku lonse, chifukwa mlandu unali kundichokera.

Anandibweza ndi mnzanga wa chaka chachinayi, amene anabwera ndi timabotolo toyezera madzi. Nsomba zakufazo sanazilabadire. Anangofunsa kuti, "Achimwene, sabata ino mwasintha chiyani?"

Ndinati palibe. Kenako ndinakumbukira Loweruka. Tsiku limenelo ndinali ndi mpata, ndiye ndinatsuka thanki mwamphamvu. Ndinachotsa madzi pafupifupi onse, ndinakwecha miyala, ndipo siponji ya mu fyuluta yosefera madzi, imene inali yabulauni ngati matope, ndinaifinya pa mpope mpaka inayera. Ndinadziyamikira.

Apa m'pamene zam'kalasi zinandibwerera, zija ndinaloweza kuti ndingokhoza mayeso. Nsomba zimatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni kwa izo, kudzera m'makha, mopumira muja, ndipo winanso amachokera ku ndowe ndi chakudya chotsala. Pali mabakiteriya, monga a mtundu wa Nitrosomonas, amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, ndi enanso amene amasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe sapweteka kwambiri. Mabakiteriyawa sayandama m'madzi ayi, amamatirira pa siponji ndi pa miyala. "Litsiro" limene ndinachapa lija linali iwowo, ndipo otsala anamalizidwa ndi klorini wa m'madzi a pa mpope. Kloriniyo amaikidwa kuti aphe tizilombo, ndipo sasankha kuti awa ndi a mwini thanki.

Ndinayamba ndaganiza kuti mwina kloriniyo ndi amene anapha nsomba mwachindunji. Masiku anakana. Madzi othira m'thanki ndinali nditawagoneka m'zidebe kuyambira Lachisanu, komanso klorini akakhala wambiri amapha m'maola ochepa, sadikira Lachiwiri. Chinthu chopha patatha masiku atatu ndi chimene chimaunjikana pang'onopang'ono.

Choyezera chinaonetsa amoniya wa mamiligalamu 4 pa lita, pamene m'thanki yokhazikika amayenera kukhala pa 0. pH, muyeso wa asidi m'madzi, inali 8.2, imene ndinaikweza dala ndi zigoba za nkhono kuti ifanane ndi madzi a m'nyanja yathu. Chimene sindinachigwire bwino m'kalasi ndi ichi: amoniya m'madzi amakhala m'mitundu iwiri, NH4+ wosaopsa kwenikweni ndi NH3 amene amaotcha makha. pH ikakwera, NH3 amachuluka. Pa madigiri 25, pH ikakhala 7 gawo loopsali silifika ndi 1 peresenti yomwe, koma pa 8.2 limafika pafupifupi 8 peresenti. Ndiye kuti cholakwa chomwecho m'thanki ya mbuna chimapweteka kuposa kakhumi poyerekeza ndi m'thanki ya pH 7. Ndinawerengera papepala kawiri, osakhulupirira.

Magetsi aja sindikuwachotseratu. Pampu ya mpweya inaima, ndipo nsomba yowonongeka makha ikasowa mpweya usiku siichedwa. Koma anangomaliza ntchito imene ndinaiyamba ndine. Zizindikiro zinalipo kuyambira Lolemba masana: zinkasonkhana pamwamba zikuphaphira, makha ali psuu. Ine poziona zofooka ndinaziwonjezera chakudya, kumene kunali kuthira amoniya wina.

Zitatu zotsalazo ndinazisiya masiku awiri osadya. Tsiku lililonse ndikusintha gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi, ogonekedwa komanso ofanana kutentha ndi a m'thanki. Mnzanga uja anandigawira chidutswa cha siponji yakuda ya mu fyuluta yake, tinachinyamula m'jumbo ya madzi kuti chisaume panjira, ndipo sindinalandirepo mphatso yonyansa koma yofunika ngati imeneyo. Popanda chithandizo chotere mabakiteriya amatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti akhazikike.

Ndagula kakope, ndipo m'mawa uliwonse ndikulembamo tsiku, kutentha, pH, amoniya, nitrite ndi chilichonse chimene ndakhudza. Lero amoniya watsika kufika pa 0.5 koma nitrite wayamba kukwera, monga mmene chithunzi cha m'notsi zanga chimasonyezera. Ameneyu naye ndi woopsa, amalepheretsa magazi kunyamula mpweya, choncho zidebe ziwiri ndazigoneka kale za mawa.