Mafupa atayamba kufooka nditasiya kusamba

Dzanja langa linathyoka nditangoterereka pakhonde, kagwedwe koti mtsikana akanangodzuka n'kusasa chitenje. Atandimanga chikhakha kuchipatala kwathu kuno ku Thyolo, adokotala anatsegula buku langa n'kufunsa: "Mayi, kusamba munasiya liti?" Anandifotokozera kuti mahomoni a estrogen ndiwo amasunga mafupa a munthu wamayi. Akachepa, monga zimachitikira mayi akasiya kusamba, fupa limakhala ngati mtanda wofumbwa, kunja kwabwinobwino m'kati mutatha.

Mafunso anachuluka. Ndinabayitsapo Depo kwa zaka zambiri? Ndikumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, kapena mankhwala ochepetsa kutupa a prednisolone? Fodya, mowa? Zonsezi zimafooketsa mafupa, choncho yankhani zoona, musachite manyazi.

Tinayamba ndi kashiamu, mchere womanga mafupa. Mayi wopitirira zaka 50 amafunika pafupifupi 1,200 mg patsiku, ndipo yambiri izichokera m'mbale: usipa ndi matemba kudya ndi mitu yomwe, bonongwe, mkaka ukapezeka. Piritsi la 500 mg ndimamwa ndikudya nsima chifukwa limalowa bwino m'thupi ndi chakudya, koma osaliphatikiza ndi mapiritsi owonjezera magazi, amalimbana. Limadzimbitsa, ndiye madzi azikhala pafupi. Anawonjezera vitamini D, ngakhale ife othyola tiyi dzuwa silitisowa.

Pa zondipatsa mankhwala a mahomoni m'pamene anadekha kwambiri, ndipo ndinaona kuti n'koyenera. Anandiyeza BP, kupima mabere ndi khomo la chiberekero, kenako kufunsa ngati ndinadwalapo khansa ya m'mawere, sitiroko, matenda a chiwindi, kapena magazi kuundana m'mwendo. Chimodzi mwa izi chikapezeka, mahomoni sakupatsani. Poti chiberekero ndili nacho, estrogen anandilembera pamodzi ndi mahomoni ena otchedwa progestogen, chifukwa estrogen payekha amakhuthalitsa khungu la m'kati mwa chiberekero mpaka kuyambitsa khansa. Ichi n'chifukwa chake zogawana mapiritsi ndi anzathu a ku chigwirizano ine ndimakana. Kutentha thupi usiku kumene kunabwera nditasiya kusamba kunachepa, koma miyezi yoyamba mabere ankawawa.

Achemwali anga anaundanapo magazi m'mwendo, ndiye iwo ali pa alendronate, mankhwala olimbitsa mafupa omwe si mahomoni: piritsi limodzi pa sabata, m'mawa asanalawe kanthu, ndi madzi odzaza kapu, kenako mphindi 30 osagona pansi kuti lisawotche kummero.

Ine ndimabwererako pa tsiku limene andilembera m'buku kuti aone ngati ndipitirize. Anandiuzanso kuti mwendo ukatupa mbali imodzi, ndikamva chotupa m'bere, kapena magazi akatuluka mosayembekezereka, ndisadikire tsikulo.