Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Chitini Chopita ku Joni

Ndikuthokoza nonse amene munandilembera mutawerenga gawo lapitali, makamaka amayi anzanga amene ana awo nawonso ali ku Joni. Ambiri munafunsa za chitini cha mabisiketi chimene ndinkatumizira mwana wanga, chimene ndinangochitchula modutsa, ndipo lero ndichifotokoza.

Mwana wanga wachisamba atakwera basi pa Wenela mu 2014, katundu woyamba amene ndinamutumizira anali chigumu, poti ndicho ankachikonda kuyambira ali wamng'ono. Sindinkadziwa kuti basi ikadutsa pachipata cha Mwanza imakalowa m'ng'anjo ya ku Tete, imakaima pa Nyamapanda, kenako n'kukachezera pamzere pa Beitbridge, ulendo wa masiku awiri kapena kuposerapo. Chigumucho chinafika pa Park Station chitachita chuku. Iye anandibisira. Ndinadzamva patatha chaka kwa mnzake amene anabwera kumaliro, kuti mwanayo anasenga mbali zowonongekazo ndi mpeni n'kudya chapakati, akunena kuti sangataye chophika mayi ake.

M'malo mwa chigumu ndinayamba kumutumizira mabisiketi a jinja, amene anandiphunzitsa mayi wina wa ku Mvano. Ndimasakaniza makapu atatu a ufa wa tirigu, kapu imodzi ya shuga, majarini, uchi, soda pang'ono, sinamoni ndi jinja wouma amene ndimasinja ndekha mu mtondo. Mkaka sindithira, chifukwa chinyezi ndicho chimaitana chuku. Ndimapyapyatiza mtandawo ndi botolo, kuudula ndi kukamwa kwa kapu, n'kuuphika mumpoto wothira mchenga pansi, makala ena ali pachivundikiro. Akapsa ndimawabwezeranso pamoto wozilala mpaka aume gwa, ndipo amagona pamtetete usiku wonse, chifukwa mukawatsekera akadali ofunda amachita thukuta m'chitini. M'mawa ndimawalongedza m'chitini cha mkaka wa ufa, kumata chivundikiro ndi tepi, n'kuchikwirira pakati pa mpunga wa kilombero kuti asaphwanyike ndi mabampu.

Alamu anga, amene ndikudziwa kuti amawerenga, ankanena pagulu kuti ndikuwononga ndalama yolipira kondakitala pamene masitolo a ku Joni adzaza ndi mabisiketi. Sindinawayankhe nthawi imeneyo chifukwa cha ulemu. Ndikuwayankha lero kuti mwana wanga sankasowa sitolo. Ankagona m'kachipinda ndi anyamata anayi, ndipo chitinicho ndicho chinthu chokha m'chipindamo chimene chinali ndi fungo la kwawo.

Zaka zisanu zinadutsa chitini chikupita kawiri pachaka.

Mu Malichi 2020 ndinaphika monga mwa nthawi zonse. Ndinamata chitini, ndinalemba dzina lake ndi nambala pathumba, koma basi isananyamuke, South Africa inatsekera anthu onse m'nyumba kuyambira pa 27 Malichi, ndipo mabasi anaima. Lesitilanti imene mwanayo ankagwirako ntchito inatseka. Pa WhatsApp ankangoti, "Amayi, musadandaule, ndikudya," koma ine ndinkaona masaya ake akulowa sabata ndi sabata, ndipo kolala ya malaya amene ndinamugulira inali itayamba kumukulira. Chitinicho chinali pamwamba pa kabati, moyang'anizana ndi bedi langa. Ndikadzuka ndinkachiona, ndikamagona ndinkachiona, ndipo nsima ndinkangoibudula kawiri n'kuikankha, poganiza kuti m'nyumba mwanga muli chakudya chake pamene iye akugawana buledi ndi anzake. Zidzukulu za kwa achemwali zinkachiloza, ine n'kumazikaniza.

Usiku wina wa mu Julaye, kukuzizira, ndinachitsitsa n'kumatula tepi ija. Fungo la jinja linadzaza m'chipinda. Ndinatenga imodzi, inathyoka kuti khwa ngati ndaphika dzulo, ndipo ndinaidya nditakhala pansi, misozi ikutsika. Ndinamujambulira chithunzi. Anayankha m'bandakucha kuti, "Amayi, mutsekenso bwinobwino, amenewo ndi anga." Ndinafunafuna tepi ina m'dirowa, ndinamata chivundikiro, ndipo ndinachibwezera pakabati.