Gologolo amene ndinamufukula ku Norfolk

Kanthuko ndinakapeza m'munda wa tirigu ku Norfolk, atangomaliza kukolola. Mnzanga wa kuntchito ali ndi makina aja ofufuzira zitsulo pansi, ndipo tinayamba tapempha kwa mwini munda, poti kuno ku England sungangofika n'kuyamba kufukula m'munda mwa eni. Makina atalira ndinakumba pang'ono, n'kutulutsa kachitsulo kobiriwira kooneka ngati kabelu. Kunsi kwake kunali kophwatalala ngati batani la jekete, kumutu kuli kabowo kopisapo chingwe.

Ine ndinali nditatola kale mwala kuti ndikakweche. Mnzangayo anandigwira dzanja. "Osayerekeza! Madzi ndi mswachi wofewa basi." Kubiriwira kuja ndiko kumateteza mkuwa, ukakupala zilembo zimapita nako.

Nditatsuka, zilembo zinaoneka kuzungulira m'mphepete, koma zonse chagada. Mpamene ndinazindikira kuti ndi chidindo, ngati chija amfumu kwathu amamenya pa kalata, kungoti ichi ankachikanikiza pa phula lofewa. Ndinabwereka dongo loseweretsa la mwana wanga, n'kudindapo. Kanyama kanatuluka katakhala tsonga, mchira wa ubweya utapindikira kumsana, manja ali kukamwa. Gologolo weniweni.

Kenako ndinapangana tsiku ndi mayi wina wa Portable Antiquities Scheme, ndondomeko imene inayamba mu 1997 yolemba m'kaundula zinthu zakale zimene anthu wamba amatola. Anakayeza pa sikelo, kukajambula mbali zonse, n'kundifunsa malo enieni pa mapu. Funso langa loyamba linali loti kodi andilanda. Anaseka. Lamulo la Treasure Act la 1996 limagwira makamaka zinthu zopitirira zaka 300 zimene gawo limodzi mwa magawo 10 ndi golide kapena siliva, ndipo zotere uyenera kukanena pasanathe masiku 14. Kanga kanali ka mkuwa chabe.

Powerenga anandionetsa poyambira: kanyenyezi kali pamwamba pa mutu wa gologolo. Pa zidindo zina pamakhala kamtanda. Kuchokera pamenepo tinatsata chilembo chimodzichimodzi pa dongo lija mpaka mawu anakwana: I CRAKE NOTIS. Ndi Chingerezi chakale, kutanthauza kuti "ndimaswa mtedza". Akatswiri ambiri amati ndi nthabwala: kalata yomatidwa ili ngati mtedza, kuti udye za m'kati uyambe waswa chikhokho. Wolandira kalata akamaswa phula, gologolo ali pomwepo akuswa wake.

Ndisabise, mtima unagwa pang'ono. Ndinkayembekeza dzina la mfumu kapena msilikali wotchuka. Mayiwo anafotokoza kuti zidindo za m'zaka za m'ma 1200, zambiri za mtovu, ndizo zinkakhala ndi dzina: zimayamba ndi S', chidule cha mawu a Chilatini akuti sigillum, kenako dzina la mwini. Ngakhale alimi wamba anali nazo zodindira mapangano a malo. Pofika m'ma 1300, nthawi ya kangaka, amisiri ankasula zambirimbiri zopanda dzina, munthu n'kungosankha chithunzi chomusangalatsa ngati akusankha chitenje.

Ndipo zosankha zinalipo. Opembedza ankatenga Mwanawankhosa wonyamula mbendera, kapena mbalame ya vuwo ikujompha chifuwa chake kuti ana amwe magazi, chizindikiro cha Khristu. Okonda uzimba ankatenga kalulu ndi mawu akuti SOHOU, mfuu ya alenje. Zina zinkangoti PRIVE SU m'Chifalansa, "ndine wachinsinsi". Zosongoka mbali ziwiri ngati njere ya dzungu zinkakondedwa ndi amayi komanso ansembe. Mwini wakale wa kachidindo kangaka, mwa zonsezi, anasankha nthabwala, ndipo ndayamba kumukonda nazo.

Patapita milungu ingapo anandibwezera kachidindoko ndi nambala yake ya m'kaundula. Ndinakasonyeza mwini munda monga tinagwirizanirana, iye n'kuti ndikasunge. Dongo lija mwana anabwera kudzalitenga, gologolo n'kusanduka galimoto.