Mkamwini ndi apongozi pa port 993

Lachisanu madzulo abwana anandipeza ndikulongedza chikwama. "Achimwene, pofika Lolemba maimelo onse azidzera pa seva yatsopano ija." Ine osaganiza n'komwe ndinati imeneyo ndi ntchito ya theka la ola.

Pulani yake inali yosavuta. Pulogalamu ya Nginx iime pageti ngati mlonda, izilandira anthu n'kumawalozera kwa pulogalamu ina, Dovecot, kuseri komwe kumakhala makalata. Kapulogalamu kanga ka auth_http, kouza Nginx komwe awalozere anthuwo, kankayankha mwaulemu: Auth-Status OK, Auth-Server adilesi ya IP, Auth-Port 993. Ndinasankha port (khomo) 993, lomwe mawu amadzerapo obisidwa, m'malo mwa 143 poopa kuti mapasiwedi a anthu aziyenda maliseche pa netiweki. Ndinalemba nginx -t poyesa ngati zonse ndazilemba molondola, yankho linabwera loti zonse zili bwino. Nditatsegula Thunderbird, pulogalamu yowerengera maimelo, zii. Kagudumu kanazungulira mphindi yathunthu, kenako log, kaundula wa seva, n'kundiuza kuti upstream timed out, kutanthauza kuti kuseri kuja sikunayankhe.

Woyamba kumuloza chala anali firewall, mpanda woteteza seva, koma analibe mlandu. Ndinatembenukira satifiketi, chiphaso cha seva, nayonso inali yamoyo. Ndinafika pokwawa pansi pa desiki kukagwedeza waya, n'kudzigunda mutu potuluka. Tchipisi changa cha pachiwaya chinazizira m'jumbo. Cha m'ma 11 koloko alonda anagogoda pawindo: "Bwana, lero mugona konkuno?"

Nzeru zinabwera cha m'ma 1 koloko. Pa 993, Dovecot satsegula pakamwa mpaka mlendo atayamba yekha moni wa TLS, njira yobisira mawu pa netiweki. Nginx nayenso akafika kuseriko amangoima, kudikira kuti mwininyumba anene "* OK". TLS amailankhula kutsogolo kokha, kwa makasitomala. Ndi maseva a maimelo akumbuyo saidziwa n'komwe. Zinali ngati mkamwini ndi apongozi akumana pakanjira kopita kudimba, aliyense wayang'ana kumbali, kudikira mnzake ayambe kupereka moni. Ine usiku wonsewo ndimasaka mfiti, pomwe awiriwa amangochitirana manyazi.

Ndinawapezera nkhoswe, pulogalamu ya stunnel. Azimvetsera pa 127.0.0.1, adilesi ya m'kati mwa seva momwemo, port 1143, alandire mawu osabisa a Nginx, awakulunge mu TLS n'kukapereka pa 993. Poyamba ndinaiwala kamzere ka client = yes, komuuza kuti aziyamba ndiye moni wa TLS, nkhosweyo nayo n'kungokhala duu, koma nditakaikapo makalata anakhuthuka ngati chimanga pachigayo. Pompo ndinatumizira abwana uthenga pa WhatsApp: "Zatheka bwana. Dongosolo limeneli silidzagwanso, ngakhale kubwere chivomezi."

Chivomezi sichinabwere. Lamulungu magetsi anangothima pang'ono, seva inazima n'kudzukanso. Nginx anadzuka, Dovecot anadzuka, nkhoswe yanga inatsalira mtulo chifukwa sindinalembe systemctl enable, lamulo loti izidzuka yokha seva ikayaka.

Lolemba ndinalowa mu ofesi nditavala shati yopisira, ndikuyembekeza kuwomberedwa m'manja. Ndinapeza mzere pakhomo panga, mayi a ku akaunti ali patsogolo, manja m'chiuno. Abwana anavala magalasi, anatulutsa foni, n'kuyamba kuwawerengera anthu onsewo uthenga wanga uja mokweza, pang'onopang'ono. Atafika pa mawu oti chivomezi, anabwerezanso.