Ndalama ya feteleza inanyamuka ku Joni pa USDT, inakafika kwa amayi pa Mpamba

Achimwene anga amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo chaka chilichonse mwezi wa Okutobala amatumiza ndalama ya feteleza ya amayi kumudzi ku Ntcheu. Nthawi zonse ankadzera njira zomwe aliyense wa ku Joni amazidziwa, monga Mukuru, ine nkukatenga kuno ku Lilongwe. Ulendo uno anandiimbira pa WhatsApp usiku nkunena kuti, "Achemwali, chaka chino tiyese njira ina. Ndikutumizirani USDT, inu mukagulitse konko."

Ndinakhala kaye chete. Mawu oti crypto, kutanthauza ndalama za pa intaneti ngati USDT ndi Bitcoin, ndinali nditawamvapo kwa anthu olira okhaokha, omwe anaika ndalama m'magulu olonjeza kuti ikaswana pakutha pa sabata, gulu nkuzimirira. Achimwene anandifotokozera modekha kuti izi nzosiyana. USDT ndi ndalama ya pa intaneti yomwe kampani ya Tether idayambitsa mu 2014, ndipo imodzi imayenera kufanana mtengo ndi dola imodzi ya ku America. Siikwera ndi kutsika ngati Bitcoin. Iwo amaigula ndi ma rand ku kampani yovomerezeka, chifukwa ku South Africa bungwe la boma loyang'anira makampani a zachuma la FSCA lidaika crypto pansi pa malamulo a zachuma mu 2022. Chomwe chinandigwira mtima ndi nkhani ya kwacha. Tonse timakumbukira kuti mu Meyi 2022 idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenaka mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene anali atasunga ndalama ya feteleza m'makwacha sabata imeneyo adadzuka ali ndi ndalama yosakwananso matumba omwe ankafuna. Ndinavomera, koma ndinawauza kuti tiyambe ndi kandalama kochepa.

Choyamba chinali kutsegula waleti pa foni. Ndinagula bandulo, nkutsitsa app yomwe achimwene ananditumizira dzina lake, nditaonetsetsa kuti ndi yeniyeni chifukwa zonamizira ziliponso zambiri. App itatseguka inandionetsa mawu 12 achingerezi, osalumikizana tanthauzo, nkundiuza kuti ndiwalembe motsatana bwino. Mawu amenewa ndiwo kiyi wa ndalama yonse. Foni ikabedwa, munthu amabwezeretsa waleti yake ndi mawu omwewa, koma wina akawaona amatha kukokolola zonse ali kutali, ndipo palibe ofesi yokadandaulako. Ndinawalemba ndi bolopeni kuchikuto cha kope lakale, nkuliika pansi pa sutikesi momwe mumakhala satifiketi zanga. Sindinawajambule pa foni, ndipo ngakhale achimwene sindinawatumizire. Iwo eni anandiletsa.

Kenaka panabwera nkhani ya adiresi. Pa Airtel Money kapena Mpamba ukalemba nambala ya munthu, dzina lake limatuluka usanaike nambala yachinsinsi, ndiye umadziwa kuti ikupita kwa woyenera. Kuno kulibe dzina. Pali mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala osakanikirana, ndipo USDT yomweyo imayenda pa misewu yosiyanasiyana. Ya pa netiweki ya Tron, yomwe amaitcha TRC20, adiresi yake imayamba ndi T. Ya pa Ethereum imayamba ndi 0x. Wotumiza ndi wolandira akasankha misewu yosiyana, ndalama itha kutayika osabweranso. Ndinakopera adiresi yanga, nkuwatumizira, kenaka tinawerengerana pa foni zilembo zinayi zoyamba ndi zinayi zomaliza. Anatumiza 10 USDT yoyesera. Ndisanamalize kutsuka mbale, inali italowa.

Apa mpomwe ndinakakamira koyamba. Waleti ija imangosunga, siisintha USDT kukhala makwacha. Kuti ndigulitse ndinayenera kutsegula akaunti pa msika wa pa intaneti pomwe anthu amagulitsana okhaokha, omwe amautcha P2P. Kumeneko anafuna chiphaso changa cha unzika, kutsogolo ndi kumbuyo, ndi kuti ndidzijambule nkhope ndikutembenuza mutu. Chithunzi choyamba chinakanidwa chifukwa kuwala kwa babu kunaphimba manambala a pachiphaso. Mawa lake ndinakajambulira pakhonde dzuwa litatuluka, ndipo anandivomereza tsiku lomwelo. Nditafuna kusamutsa 10 USDT ija kuchoka mu waleti kupita ku msikawo, inakana. Pa netiweki ya Tron, ndalama yolipirira kutumiza imadulidwa mu kandalama kena kotchedwa TRX, ine ndinalibe ngakhale kamodzi. Ndalama ndikuiona ndi maso, koma yosasunthika. Achimwene anachita kunditumiziranso TRX pang'ono, koma 10 USDT ija ndinangoisiya momwemo. Titaona zimenezi tinagwirizana kuti ndalama yaikuluyo, 200 USDT, aitumize molunjika ku adiresi ya pa msikawo, osadzeranso mu waleti.

Msika wa P2P umaoneka ngati bolodi la mitengo. Pali mayina a ogula, mtengo womwe aliyense akupereka pa USDT imodzi, njira yomwe amalipirira, ndi chiwerengero cha malonda omwe adachitapo. Chomwe ndinaona nthawi yomweyo nchakuti pafupifupi aliyense amalipira pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki. Ndiye kuti crypto yomwe ena amati idzalowa m'malo mwa ndalama za pa foni, kuno kwathu ikuyendera pamsana pa zomwezo.

Kagulitsidwe kake nkotere. Ukasankha wogula nkulemba kuchuluka kwa USDT, msikawo umaitsekera pakati, iwe sungaitenge, iyenso sangaitenge. Wogulayo amakutumizira makwacha, nkudina kuti walipira. Iwe ukatsimikiza kuti ndalama yafikadi, umadina batani lomasula USDT ija kuti ipite kwa iye. Batani limenelo ukalidina palibe kubwerera.

Ine ndinasankha yemwe anali ndi mtengo wokwera kuposa onse, osayang'ana kuti anali asanachitepo malonda ambiri. Patangotha mphindi zochepa anadina kuti walipira, nkunditumizira chithunzi cha uthenga wotsimikiza. Foni yanga nayo inalira, meseji nkulowa yonena kuti ndalandira ndalama, kuchuluka kwake ndendende. Munthu uja anayamba kundifulumizitsa: "Madam tamasulani, ndalipira kale, ndili ndi makasitomala ena akudikira." Chala chinali chitafika kale pa batani. Chinandiletsa ndi chizolowezi chomwe tonse tidaphunzira chifukwa cha mameseji aja oti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi." Nditaiyang'anitsitsa meseji ija, ndinaona kuti yachokera pa nambala wamba ya munthu, siinalowe pomwe pamalowa mauthenga enieni a kampani. Ndinadina *211#, nkuona ndalama yotsala. Munali K3,400 yomwe inalimo kuyambira mmawa.

Mtima unagunda kwambiri, manja ali njenjenje. Ndinamulembera kuti sindinalandire kanthu. Anayamba kundiopseza kuti akandinenera kuti akaunti yanga itsekedwe, kenaka anasintha nkumandinyengerera kuti tikambirane pa WhatsApp. Ndinakana kuchoka pa msikapo, chifukwa zokambirana za pomwepo ndizo umboni. Ndinadina batani lodandaula, nkutumiza zithunzi zoonetsa mbiri ya akaunti yanga ya tsikulo. Zinatenga mpaka mawa lake masana kuti oyang'anira msikawo andibwezere USDT yanga. Usiku umenewo tulo sindinatione, ndikuganiza kuti ndikanadina, ndikanawauza chiyani amayi omwe anali atalima kale mizere akudikira mvula.

Apa ndiyenera kunena chilungamo kwa aliyense wofuna kuyesa. Banki yaikulu ya Reserve idanena mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka mdziko muno, ndipo wochita nayo malonda akudziika yekha pachiopsezo. Ukalakwitsa nambala pa foni, pali kampani yoimbira, pali shopu yawo yomwe ungapiteko ndi chiphaso chako, ndipo nthawi zina ndalama imabwezedwa ngati winayo sanaitape. Pa crypto, ndikanamasula USDT ija, panalibe khomo lililonse mu Lilongwe muno lomwe ndikanagogoda. Komanso mtengo wa pa P2P sufanana ndi wa ku banki, ndipo nkhani ya ndalama zakunja ili ndi malamulo ake okhwima. Amene akufuna kumachita izi ndi ndalama zambiri kapena pafupipafupi afunse kaye ku banki yake, asangotengera kuti anzake akuchita.

Ulendo wachiwiri ndinasankha mosamala. Ndinasiya mtengo wokwera, nkutenga wogula yemwe anali ndi malonda ochuluka omalizidwa bwino, ngakhale ankapereka zochepa pang'ono. Ndinagulitsanso mzigawo ziwiri, 100 USDT kaye, chifukwa akaunti ya pa foni ili ndi malire a ndalama yomwe ingalowe ndi kukhalamo. Munthu ameneyu sanalankhule zambiri. Anangolemba kuti, "Ndatumiza, onani balansi yanu kaye musanamasule." Ndinayang'ana zinthu zitatu: meseji yachokera ku kampani, balansi yakweradi, ndipo dzina la wotumiza ndi lomwelo lomwe lili pa msika. Chachitatuchi nchofunika, chifukwa ndalama ikachokera pa nambala ya munthu wina itha kukhala yobedwa, mwini wake akakadandaula nkutsekedwa akaunti yako. Zonse zitagwirizana ndinamasula. Gawo lachiwiri linatha pasanathe mphindi 10.

Tsopano ndalama inali m'makwacha, ndipo kuyambira apa zonse zinayenda ngati madzi a mumpopi. Amayi ali ndi kafoni ka mabatani, layini ya TNM. Alibe intaneti, sadziwa chingerezi, koma *444# amaidziwa, ndipo nambala yawo yachinsinsi ili m'mutu. Masiku ano zimatheka kutumiza kuchoka pa Airtel Money kupita pa Mpamba, ndiye ndinatero, dzina lawo linatuluka, ndinatsimikiza. Sindinathe nkuika foni pansi, anaimba okha. "Mwana wanga, yalowa. Uwathokoze achimwene akowo."

Ndakhala ndikulingalira chifukwa chomwe gawo lomalizali linali lophweka chonchi. Airtel Money idayamba kuno mu 2012, Mpamba mu 2013, kutsatira njira yomwe M-Pesa idatsegula ku Kenya mu 2007. Mzaka zimenezi adamanga chinthu chomwe crypto ilibe: munthu wokhala pansi pa ambulera kapena mu kakiyosiki pa sitolo iliyonse, yemwe umamupatsa nambala iye nkukuwerengera makwacha m'manja. Amayi amamudziwa ejenti wa pamsika wa kwathu, amadziwa makolo ake, amapemphera naye tchalitchi chimodzi. Chikhulupiriro chotero sichibwera ndi app. Ena akuyesetsa kuti crypto ifike pa mafoni a mabatani, monga Machankura yomwe imatumiza Bitcoin podina manambala ngati mmene timachitira pa Mpamba, ndipo ku Bondo ku Mulanje kampani ya Gridless idaika makina okumba Bitcoin, omwe ndi makompyuta opanga Bitcoin yatsopano, pogwiritsa ntchito magetsi otsala a pa kasiteshoni kamadzi ka kumeneko. Zimenezi ndi zenizeni ndipo ndimazilemekeza. Koma wogulitsa tomato sanayambe kufunsa kuti mulipira pa Bitcoin kodi. Ngakhale ku Nigeria, komwe achinyamata ambiri amagwiritsa ntchito crypto, boma litayambitsa ndalama yakeyake ya pa intaneti ya eNaira mu 2021, anthu wamba sadaithamangire.

Sindikunena kuti ndalama za pa foni zilibe zowawa. Kutumiza amadula, kutapa amadulanso, ndipo pa ndalama ya feteleza zodulazo zimamveka. Ndalama ikakhala mmenemo imakhala kwacha basi, ikagwa imagwa nayo. Pa zinthu ziwiri, kuwoloka malire ndi kusunga mtengo, USDT inandionetsa mphamvu yomwe sindingaikane: inachoka ku Johannesburg nkufika m'manja mwanga mu mphindi zochepa, usiku, popanda mzere. Koma masiku atatu omwe ndinataya, bandulo yomwe ndinagula, ndi usiku uja wosagona, nazonso ndi mtengo. Ine ndili ndi foni yabwino, ndimawerenga chingerezi, ndipo ndinali ndi achimwene ondigwira dzanja. Amayi akanakhala okha sakanadutsa ngakhale pa mawu 12 aja.

Tsiku lokagula feteleza ejenti wa pamsika analibe makwacha okwanira, anati fuloti yatha abwere mawa. Amayi anandiimbira ali ndi nkhawa chifukwa mitambo inali itayamba kuda cha kumapiri. Ndinawauza kuti afunse wa sitolo ya feteleza ngati angalandire pa foni. Anavomera. Mdzukulu wawo anawathandiza kulemba nambala ya sitoloyo, iwo anaika yachinsinsi okha ataphimba ndi chitenje, ndipo matumba anakwera pa njinga ya kabaza.

Madzulo ake achimwene anafunsa ngati chaka chamawa tidzerenso momwemo. Ndinawayankha kuti ya feteleza, yomwe timaidziwiratu nthawi yake, titha kutero, ndigulitse kwa wogula yemwe uja ndikuona balansi kaye. Koma ya matenda kapena maliro, yofunika ola lomwelo, atumize njira yakale yolowa molunjika pa foni ya amayi. Anati zamveka. Ija 10 USDT yoyesera ikadali mu waleti, ndipo kope lija ndaliika mu pulasitiki poopa chinyezi cha dzinja.